Ndinapita kukaphunzira kumenya, anandiyambitsa ndi kugwa

Mayi a kunyumba atachipeza m'chikwama changa cha kuntchito, pansi pa levulo ndi tepi, anachitulutsa n'kuchitambasula m'mwamba ngati munthu wosankha kaunjika pamsika. Chovala choyera mbee, chokhuthala ngati saka, manja ake aakulu, lamba wake woyeranso. Anachiyang'ana kutsogolo, anachitembenuza, kenako maso anabwera pa ine.

"Abambo, mwalowa mpingo wanji osandiuza?"

Sindiwaimba mlandu. Kuno ku Johannesburg Lamulungu lililonse timaona anthu a mikanjo yoyera akukwera timapiri kukapemphera, ku Yeoville uko ndi kwina. Ndinawauza kuti si za mpingo, ndi za judo, masewera ogwetsana a ku Japan, ndayamba kuphunzira. Anaseka mpaka anakhala pabedi, misozi ili mbwembwembwe. Atapezako mpweya anangoti, "Pa msinkhu wanuwu? Tsobola wakale sawawatu, bambo."

Munali mu 2022, ndili ndi zaka 44, kamimba katayamba kunditsogolera, mawondo akulira ndikamadzuka pansi. Ntchito yanga ndi yoika matailosi, ndipo ndaigwira chogwada kuyambira pomwe ndinafika kuno mu 2010. Lero ndili ndi zaka 47 ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ndimapitabe. Anzanga angapo a msinkhu wanga, ena a kumpingo, ena a ku gulu lathu lothandizana pa maliro, akhala akundifunsa kumbali, poti pagulu amaseka nawo. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi, zabwino ndi zochititsa manyazi zomwe.

Chinandipititsa kumeneko si thanzi ayi, ndisakunamizeni. Unali mkwiyo. Lachisanu lina madzulo ndikulowera ku renki ya mateksi ya Noord, mkono wa munthu unandizinga pakhosi kuchokera kumbuyo. M'maso munachita mdima. Ena awiri anandipisa m'matumba, foni ndi ndalama ya sabata yonse zinapita, ine anandisiya pansi ngati thumba la zinyalala, anthu akungondilambalala. Amene anayendapo m'tauni muno akudziwa kuti sizitha ndi mphindi yomwe. Masabata otsatira ndinkagona ndikuwamenya anyamata aja m'maloto, ngati m'mafilimu a karate omwe tinkaonera m'mavidiyo kwathu ku Ntcheu titalipira timakobiri, munthu mmodzi akugwetsa anthu 20 malaya osakwinyika. Ndinkafuna zimenezo basi.

Ndinapeza kalabu yaing'ono mu holo ya tchalitchi china kummwera kwa tauni, pafupi ndi komwe timakhala. Aphunzitsi ake, amene onse amangowatchula kuti sensei, ndi bambo aimvi ondiposa zaka zambiri, aafupi, oyankhula motsitsa mawu. Ndinawafotokozera nkhani yanga yonse, ndi za mkono wapakhosi zomwe. Anamvetsera, anagwedeza mutu, kenako anandifunsa ngati foni ija inali yodula kuposa maliro. Kwa Mmalawi wa kuno funso limeneli ndi lolasa, chifukwa tonse timadziwa mmene timavutikira kusonkha ndalama zotumizira thupi la mnzathu kudutsa pa Beitbridge mpaka kukalowa pa Mwanza. Ndisanayankhe anandilozera pakona pomwe panali ana a zaka 9 ndi 10, nati ndikakhale nawo pansi.

Mwezi wonse woyamba sindinagwetse munthu. Ndinkagwa ndekha.

M'Chijapani amati ukemi, luso la kugwa osavulala. Mphasa zake zofewazo amati tatami, koma ine ndizingoti mphasa. Umayamba utakhala pansi: chibwano pachifuwa, maso pa mfundo ya lamba wako, kenako umagubuduka chagada n'kumenya mphasa ndi manja onse awiri, phaa, mikono itatalikirana pang'ono ndi nthiti, uku ukutulutsa mpweya. Ukazolowera umayamba utanyonyomala, kenako utaima, kenako cham'mbali kumanja ndi kumanzere, pomaliza kugubuduka chakutsogolo modutsa paphewa. Chibwano chimakhala pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi. Kumenya mphasa kuja si matama: mphamvu ya kugwa imamwazikira mu mkono wonse ndi msana m'malo mothera pa fupa limodzi. Koma chachikulu chomwe amalimbana nacho ndi chizolowezi chomwe tonse tinakula nacho, chotsogoza dzanja ukamagwa. Dzanja lotsogola ndi lomwe limathyoka pamfundo, kapena kugulula phewa. Agogo ambiri amene mumawaona ndi pulasitala pamkono ataterereka kubafa, ndi dzanja lotsogola limenelo.

Kulemba n'kosavuta. Kuchita, uli bambo wa ana atatu, munthu woti kumudzi amakuitana kukakhala nkhoswe pa maukwati a anthu, ndi nkhani ina. Tsiku lachitatu kamtsikana ka zaka 10 kanabwera kudzandiweramitsa mutu ndi timanja take, n'kundiuza m'Chizulu kuti malume, mutu pansi, muphulika. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kuti sindidzapondakonso.

Chinandibweza ndi ndale. Sindikunena za zipani. Tsiku lomwe ndinati ndipite komaliza, poti mwezi ndinali nditalipira kale, a sensei ankaonetsa akuluakulu kasesedwe ka phazi la mnzako pa nthawi yomwe akufuna kuliponda, lisanakhazikike pansi. Amati deashi barai. Nditaona ndinaseka ndekha. Imeneyi ndi ndale yeniyeni yomwe tinkatcherana kudambo tikuweta ng'ombe, mawu akuti ndale asanasamukire ku nyumba ya malamulo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinkatchera mwankhanza, kumenya akakolo ngati tikugwetsa mtengo, pomwe kuno amati ukamva kuti waika mphamvu ndiye kuti nthawi yake waiphonya. Amene anayambitsa judo, Jigoro Kano, anatsegula sukulu yake ya Kodokan ku Tokyo mu 1882 ali ndi zaka 21 zokha, m'kachipinda ka pakachisi, iye mwini ali munthu wochepa thupi. Nzeru yake inali yotenga njira zakale zomenyanirana za ku Japan zotchedwa jujutsu n'kupatula zoopsa kwambiri, kuti zotsalazo anthu azitha kuyeserana ndi mphamvu zonse lero, mawa n'kudzuka kupita kuntchito. Kwa ine nkhani yonse yagona pomwepo, pa kudzuka mawa kupita kuntchito.

Mnyamata wa zaka 18 akabinya bondo amakagona kwa amayi ake, nsima imamupeza pabedi. Ife tinabwera kuno ndi thupi lokha. Khasu lathu ndi lomweli, ngolo ndi lomweli, nkhokwe ndi lomweli. Ambiri a ife timalandira pa tsiku kapena pa ntchito yomwe tamaliza, ndipo ukapanda kupita palibe wokulembera kuti wadwala. Ndiye chilichonse chomwe ndingalangize munthu woyamba masewerawa atakula chimachokera pa funso limodzi: kodi Lolemba m'mawa ndikwanitsa kunyamula bokosi la matailosi? Funsoli ndinaliphunzira mowawa.

Munali mu October, chaka choyamba chomwecho. Tinali pa gawo lolimbana pansi, lomwe amati newaza, ndipo anandipatsa mtsikana wa ku yunivesite, wa lamba wa bulauni, womwe amavala otsala pang'ono kufika pa wakuda wa akatswiri, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba. Thupi lake theka la langa. Mumtima ndinati ndimumvere chisoni mwanayu. Ndisanaphethire kawiri ndinapezeka chagada, miyendo yake itandipingasa pachifuwa ndi kumaso, mkono wanga wamanja uli pakati pa mawondo ake, chala chachikulu chikuloza kudenga. Kagwiridwe ka mkono kameneka amati juji gatame. Lamulo lake ndinkalidziwa bwino, amaphunzitsa tsiku loyamba lenileni: ukamva kuti wagwidwa, gunda mnzakoyo kapena mphasa kawiri ndi dzanja, kaya ndi phazi, kaya fuula, iye amasiya pomwepo. Mtsikanayo sanapupulume. Anakweza chiuno pang'onopang'ono, akundipatsa mpata, mpaka anadzutsa mutu kundiyang'ana ngati akufunsa kuti malume, bwanji? Dzanja langa lamanzere linali lomasuka, lili m'mwamba, longotsala kugunda. Koma m'mbali munali anyamata awiri akuonerera. Ndinati ndiukoke mkonowo ndi mphamvu za matailosi.

Chigongono chinalira ngati munthu wathyola kankhuni kouma.

Amene anatulutsa misozi ndi mtsikanayo, osati ine. Ankangopepesa, pomwe analibe chopepesa. Ku chipatala atajambula anati fupa lili bwino, koma mitsempha yomanga mfundo yang'ambika. Masabata 6 osagwira gulayinda, osanyamula ndowa. Ntchito yomwe ndinali nditapangana ndi abwana ena ku Randburg inapita kwa munthu wina. Ndipo October ndi November mukudziwa kuti ndi nyengo yanji kwathu. Amayi anga ondibereka anaimba foni kuchokera kumudzi: "Bambo, mitambo yayamba, anzathu feteleza agula kale." Ndinawanamiza kuti ntchito yasowa. Ndikanayamba bwanji kuwauza kuti matumba awo awiri a feteleza ndawasiya pamphasa mu holo ya tchalitchi, chifukwa chochita manyazi kugonjera mwana wamkazi? Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma ine ndinatsala pang'ono kufetsa ndi munda womwe.

Mayi a kunyumba sananene kanthu masiku onsewo. Ankangondiveka malaya m'mawa, kundimanga mabatani mmodzimmodzi, ali chete. Bola akanandikalipira.

Lero ndimagunda msanga, ululu usanafike n'komwe, mwina kakhumi usiku umodzi, ndipo palibe amene amawerenga. Ngozi ija inandiphunzitsanso kusankha wolimbana naye. Watsopano amaganiza kuti woopsa ndi wa lamba wakuda. Ayi ndithu. Wa lamba wakuda amakugwetsa ngati akugoneka mwana pamphasa, mkono wako ali chigwirire kuti mutu usafike pansi. Woopsa ndi mnyamata wa lamba woyera ngati wako, wa zaka 22, wonyamula zitsulo, amene wachezera kuonera ndewu pa YouTube ndipo akufuna kuyesera pa iwe zomwe mwini wake sakuzidziwa. Dricus du Plessis wa kuno ku South Africa atatenga lamba wa UFC, mpikisano waukulu wa ndewu zosakaniza, mu January 2024, pogonjetsa Sean Strickland ku Toronto, anyamata otere anadzaza holo yathu kwa miyezi iwiri, aliyense akuyenda mapewa ali m'mwamba. Anaiwala kuti mnzawoyo judo anaiyamba ali ndi zaka 5. Otere ndimawakana mwaulemu: "Lero ayi mfana, bondo." Kukana n'kololedwa, ndipo ukulu uli ndi kaphindu kake, palibe amene amakakamiza madala.

Tsopano za thupi lenilenilo. Ife a ntchito zamanja timadzinamiza kuti ndife olimba kale. Ine ndinkakweza mabokosi pa masitepe tsiku lonse, ndiye ndinkati mphindi 4 zolimbana ndi munthu n'chiyani. Itangotha mphindi imodzi ndi theka ndinali wefuwefu, manja pamawondo, malovu akukoma chitsulo. Ndinanamizira mpweya wa Johannesburg, poti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo wofika kumene kuchokera ku Mangochi kapena ku Nsanje amaumvadi kupepuka kwake masabata oyamba. Koma ine ndinali nditakhala kuno zaka 12. Vuto linali kamimba, ndudu za pa nthawi yopuma, ndi kuumitsa thupi. Woyamba kumene amagwira mnzake ngati akumira m'madzi, minofu yonse ili gwa, mpweya ataugwira. Ukaphunzira kumasula mapewa ndi kupuma, theka la kutopa limachoka lokha.

Odziwa za thupi amati munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, makamaka kwa amene saigwiritsa ntchito. Ubwino wake minofu simakani. Ngakhale ya munthu wa zaka 60 ikapatsidwa ntchito imamva, miyezi iwiri itatu umaona kusintha. Msampha uli pa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa ndi yomanga mfundo ija. Imeneyi magazi amafikamo ochepa, ndiye imalimba mochedwa, ikavulala imapolanso mochedwa. Pamafika nthawi, patapita miyezi ingapo, pomwe mphamvu zabwera, mpweya wabwera, mtima ukuti tiye nazo, koma mawondo ndi mapewa akadali a munthu wakale uja. Anzanga ambiri amene ndinawaona akuvulala, anavulalira pamenepo. N'chifukwa chake ndimati kawiri pa sabata n'kokwanira chaka choyamba, pakati pazikhala tsiku lopuma, ndipo tulo musatibere. Kuphwanya kwa thupi sikufika pachimake m'mawa mwake, kumadikira tsiku lachiwiri: ukaphunzira Lachiwiri, Lachinayi m'mawa ndi pomwe umatsika masitepe cham'mbali ngati nkhanu. Kumeneko si kuvulala, thupi likatenthedwa kumachepa. Koma ululu wobaya pamfundo penipeni, wobwera ndi kutupa, umenewo usaupirire. Ndipo mu June ndi July, holo ikazizira ngati firiji, ndimafika mphindi 15 anzanga asanayambe kuti nditenthetse mawondo ndekha. Ana amangovula nsapato n'kuyamba kudumpha. Ife za choncho zinapita.

Musanayambe, kayezetseni BP ndi shuga. Ku kiliniki ya boma amayeza, m'mafamase akuluakulu amayezanso. Ine ndinapita mokakamizidwa, a sensei atakana kuti ndilimbane ndi munthu ndisanawaonetse pepala. Anapeza 156/98, pomwe ikafika 140/90 amati yakwera kale, ine osamva kalikonse m'thupi. BP siimba ng'oma pobwera. Ndinayamba mankhwala, ndipo kwa miyezi ingapo a sensei sanalole kuti wina andikanyange pakhosi. Mukamva kulemera kapena kuwawa pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, khalani pansi nthawi yomweyo ngakhale holo yonse ikuyang'aneni, mawa lake mukaonane ndi adokotala. A shuga musapite ndi njala, m'chikwama muzikhala kotsekemera, ndipo mukamaliza muziyang'ana kumapazi, poti masewerawa ndi opanda nsapato ndipo kabala ka munthu wa shuga sikachedwa kukula.

Funso lomwe amandifunsa kwambiri ndi lakuti nanga abwino ndi ati. Ndiyankhe mosakondera: judo yomwe ndimaikondayi si yofewa kwa thupi lachikulire. Kugwetsedwa n'kugwetsedwa, ngakhale udziwe kugwa. Ine zoimirira ndinachepetsa, nthawi yambiri ndimathera pansi. Amene akuopa kuponyedwa angayese jiu-jitsu ya ku Brazil, yomwe inaphukira pa judo yomweyo koma zambiri zimachitikira pansi. Kumeneko achikulire alipo ambiri moti m'mipikisano yawo anagawa misinkhu, kuyambira zaka 30, kenako 36, 41, 46, mpaka opitirira 60. Vuto lake ndi mtengo: makalabu omwe ndinafunsako kumpoto kwa mzinda ankatchula ndalama yoti ine ndinaganiza kuti akunena renti ya chipinda. Karate ili ndi mbiri yaitali m'tauni muno, kuyambira masiku a Stan Schmidt m'ma 1960, ndipo imapezeka m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi pamtengo wofikirika. Ubwino wake ndi kata, mayendedwe oloweza omwe ungachite wekha pabwalo popanda wokupweteka. Gichin Funakoshi, amene anaitengera ku Tokyo kuchokera ku Okinawa mu 1922, anali atadutsa kale zaka 50, ndipo anaphunzitsabe mpaka ukalamba. Mungosamala ndi maimidwe otsika kwambiri ndi mateche a kumutu. Chiuno cha zaka 45 sichikonda kudzidzimutsidwa.

Nkhonya ndiye timazidziwa Amalawife. Tinatchera khutu mu July 2016 pamene Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene luso lake linakulira konkuno, anaima maraundi 12 ndi Sergey Kovalev kwawo ku Russia. Chilemba anagwa mu raundi 7, anadzuka, anamaliza. Ndipo mukadutsa pa Fox Street, moyang'anana ndi Chancellor House, pali chifaniziro cha Mandela atakunga zibakera. Ankapita kukachita masewerawa ku Orlando madzulo akaweruka ku ntchito yake ya uloya, ali bambo wa banja kale. Kumenya thumba, kudumpha chingwe ndi kumenya mapadi a kochi kumasungunula mimba kuposa china chilichonse chomwe ndinaonapo. Koma kumenyedwa kumutu ndi nkhani ina. Minofu ikavutitsidwa imalimba, ubongo sulimba, umangosunga ngongole. Kochi amene akufuna kukulowetsani mu ringi sabata yachiwiri kuti aone ngati muli ndi mtima, musiyeni ndi mtima wakewo. Kwa amene mawondo anatha kale, tai chi yomwe timaiseka kuti ndi gule wa nkhalamba imathandizadi kuti munthu asamagwe chisawawa.

Koma dzina la masewera lisakutayitseni nthawi. Chofunika ndi malo ndi munthu wophunzitsayo. Kalabu yabwino ndi yomwe mungafikeko Lachiwiri la mu June, kutada msanga, mutatopa, popanda kukwera mateksi awiri kapena kudutsa pomwe munaberedwa paja. Pitani kaye mukangoonerera. Werengani imvi zomwe zili pamphasa. Onani ngati muli amayi ndi atsikana, ndipo ngati akuoneka omasuka. Onani mmene mphunzitsi akuchitira ndi munthu wochedwa kugwira zinthu, chifukwa sabata ya mawa munthu ameneyo ndinu. Mphasa muzinunkhize ndithu, malo osakolopa amagawa chipere. Inunso wengani zikhadabo, chovalacho, chomwe amati gi, muzichapa mukangofika kunyumba, ndipo popita kuchimbudzi muzivala masilipasi. Pa ndalama, musasaine pepala la chaka chonse loti azidula okha ku banki, ntchito zathuzi sizipanganika. Pemphani kulipira mwezi ndi mwezi. Gi yoyamba gulani kwa amene anasiya, amakhalapo ambiri. Alongo anga ogwira ntchito m'nyumba za anthu, amene tsiku lopuma ndi limodzi lokha, kamodzi pa sabata si kachabe, ndipo muli ndi ufulu wonena kuti muziyeserana ndi amayi anzanu okha mpaka mutamasuka.

Pali china chomwe sindinkachiyembekezera. Mu 2023, magetsi akuzimazima usiku ndi usana, tinkaphunzira ndi nyali zotchaja ziwiri zoikidwa pamipando ya tchalitchi, zithunzithunzi zathu zikugwetsana pakhoma. Anthu ankabwerabe: Mzulu woyendetsa lole, Mkongo wometa tsitsi, mzungu wina wa kubanki, Mmwenye wogulitsa matayala, ndi ine wa matailosi. Palibe anandifunsapo kuti kwanu n'kuti kapena mapepala ako ali bwanji. M'zaka zonse zomwe ndakhala mu mzinda uno, ndi malo okhawo pomwe munthu wachilendo amandigwira pakolala ine mtima uli m'malo.

Nanga anyamata aja a ku Noord? Atabweranso lero, foni ndiwapatsa, ndipo sindichita manyazi kunena. Zaka zitatu zandionetsa mmene ndewu ilili yosapanganika ngakhale pamphasa, ndi munthu mmodzi, wopanda mpeni, woti ukagunda amasiya. Pamsewu amakhala atatu, wachinayi ataima chapatali dzanja lili m'thumba. Komanso ndife alendo. Ndewu yomwe mwini dziko angaithetse ndi kupepesana, kwa ife imasanduka nkhani ya mapepala, kapena ya chigulu cha anthu chomwe sichifunsa kuti wayamba ndani. Chomwe chasintha n'chakuti ndimayenda maso ali patsogolo, foni ili mkatikati, munthu akandiyandikira kumbuyo ndimamumva, ndipo dzanja likandigwira mwadzidzidzi mtima suuluka ngati kale. Maloto aja anasiya okha. Pa braai alamu anga akamwa awiri amayamba, "Alamu, tationetsaniko kaja ka ku Tchaina." Ndimangoseka n'kutembenuza nyama. Simenti ya pabwalo si mphasa, ndipo alamuwo sadziwa kugwa.

Lamba wanga lero ndi wa olenji. Kamtsikana kondiweramitsa mutu kaja kanandipitirira kalekale. BP inatsika, ndudu ndinasiya, bowo la lamba wa thalauza linasuntha kawiri. Mayi a kunyumba sanasiye kundiseka, gi ikauma pachingwe amandikuwira anthu onse a pa yadi akumva, "Abusa, mkanjo wanu wauma!"

Mu December chaka chatha tinapita kumudzi. Mvula inagwa usiku wonse, ndipo m'mawa ndikuchokera kubafa, ndowa kumanja, thaulo paphewa, ndinaponda pa katondo wotsetsereka uja wa kuseri kwa khitchini. Mapazi onse awiri anapita kumwamba. Sindinaganize kanthu. Ndinangomva chibwano chakhudza pachifuwa, ndowa yauluka, dzanja lamanzere lamenya matope, phwaa, mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinagona pomwepo kamphindi ndikudziwerenga: mutu ulipo, chiuno chilipo, chigongono chija chilipo. Amayi anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja, akuthamanga mmene miyendo yawo ikanalolera. Anaima. Anandiyang'ana ndili chagada m'matope ndikuseka, kenako anayang'ana chidindo cha dzanja langa pansi.

"Bambo, kugwa mwagwa. Nanga dothilo mwalimenyeranji, lakulakwirani chiyani?"

Ndinadzuka, ndinatola ndowa, ndinapita kukapempha madzi ena osamba.